Lole Imene Inasamutsa Anatoti

Chaka chilichonse fodya akatha kugulidwa ku okushoni, mwini esiteti yomwe tinkalimako kumadzulo kwa Nkhamenya ankatibwerekera lole yotiperekeza kwathu ku Phalombe. Tinkakapuma kumudzi milungu ingapo, kuona amoyo ndi kupepesa maliro amene tinawamvera pafoni, kenako lole yomweyo inkadzatitenga kuti tikafese nazale. Msewu umenewu ndauyenda kambirimbiri. Koma ulendo wa chaka chatha ndi umene umandisowetsa mtendere mpaka lero, ndipo wachititsa ndi mng'ono wanga wa bere limodzi, Pilirani.

Dzina langa ndi Yotamu. Kusukulu ya ubusa sindinapiteko, kolala yoyera sindinavalepo, koma pa esitetipo aliyense ankanditchula kuti Abusa. Ndine ndinayambitsa mapemphero m'chigafa chakale chodontha, ndipo ndine ndinapatsa kampingoko dzina loti Anatoti. Poyamba anthu ankaliseka dzinalo, ati likumveka ngati mankhwala opopera fodya. Nditawafotokozera analeka. Anatoti unali mudzi wa ansembe m'Chipangano Chakale, m'dziko la fuko la Benjamini. Ansembe sanagawiridwe dziko ngati mafuko enawo, anangopatsidwa timidzi tokhalamo pakati pa eni nthaka. Nanga si ife matenanti amenewo? Komanso ndi ku Anatoti kumene mneneri Yeremiya anagula munda adani atazinga kale Yerusalemu, kusonyeza kuti tsiku lina anthu adzakhalanso ndi minda yawoyawo. Ndikafika pamenepa polalikira, amayi ankapukuta misozi. Kumapeto kwa Baibulo langa kuli mapu, ndipo kadontho ka Anatoti ndinakaloza ndi chala mpaka pepalalo linabooka.

Pilirani yekha ndiye ankagona ulaliki uli m'kati. Lamulungu lake linali la mpira ndi bawo. Ndiye kunamveka kuti akufuna anyamata okagwira ntchito m'minda ya ku Israyeli. Ine zaka zinali zitapyola, iye anamutenga. Tangoganizani. Munthu woti sankadziwa ngati Yeremiya anali mneneri kapena goloboyi anakwera ndege n'kukaponda dziko lomwe ine ndalisenza m'mutu moyo wanga wonse. Tsiku lonyamuka ndinamupempherera, koma Mulungu yekha ndiye akudziwa mmene mawuwo ankandiwawira pakhosi.

Atabwerako anagula dambo lalikulu kufupi ndi kwathu, naikapo mpope woyendera dzuwa, nayamba kumanga tchalitchi cha njerwa zootcha. Kenako anatulukira pa esiteti, ati wadzationa, adzabwerera nafe pa lole. Posakhalitsa ndinayamba kumva manong'onong'o akuti akugawa mizere ya dimba kwa aliyense wofuna kukhala kumudzi. Ndinadziwa chimene chikubwera. Mabanja akatsalira ku Phalombe, Anatoti watha, ndipo ine ndine tenanti wamba wokalamba. Lamulungu lomaliza ndinalalikira mpaka mawu anasasa. Ndinati Anatoti sasamuka. Pamene Mulungu anauika mudziwo ndi pomwepo, ndipo pamene anauika mpingo wathu ndi pomwepo. Onse anati ameni.

Tenanti satsanzika ndi pakamwa. Pa esiteti khoma ndi denga ndi za bwana, koma chitseko ndi chako, umakhometsa wekha kwa kalipentala. Wobweranso amachisiya, amangokhoma loko n'kupereka kiyi kwa kapitawo. Amene wapita kotheratu amachizula n'kuchikweza pa lole. Kapitawo safunsa munthu, amangoyang'ana pa katundu. Inenso ndinakonza zodzayang'ana pa katundu ngati kapitawoyo.

Dzulo lake la ulendo, bambo Matewere, mkulu wa mpingo amene ankaliza belu lathu, anandipempha kuti ndikapempherere mlamu wawo wogonekedwa kuchipatala ku Nkhamenya. "Mugone komweko, Abusa, musavutike kubwerera. Katundu tikweza ndife, lole ikupezani pamsewu." Ndinawayamikira chifukwa chondiganizira.

M'mawa lole inafika itadzaza ngati mutu wa wakuba nkhuni: matumba a chimanga, njinga, mabeseni, matilesi, nkhuku zomangidwa miyendo, anthu pamwamba pa zonsezo. Ndinaizungulira ngati ndikuona matayala. Chitseko chinali chimodzi chokha, cha mkulu wina amene anatukwanizana ndi kapitawo pa nkhani ya magiredi a fodya. Mtima unakhala pansi. Mkazi wanga Esinati anandipatsa moni ali pamwamba, osandiyang'ana kwenikweni, ine n'kumati ndi tulo.

Mwini lole, amenenso ankayendetsa, anali Che Amidu, Msilamu wa golosale ya pa Nkhamenya. Chaka ndi chaka mpando wakutsogolo unali wanga. Ulendo uno ndinaona Che Amidu akukodola Pilirani.

"Bwerani kuno, a ku Yerusalemu, mundiuze za mzikiti wa denga lagolide uja."

"Ayi, Che Amidu, mpandowo ndi wa achimwene. Ine ndikhala kumbuyo ndi anthu."

Anthu anang'ung'udza moyamikira kudzichepetsa kwake. Ine ndinakwera kutsogolo, pampando wanga womwe, koma tsopano unali mpando wochita kundisiyira.

Sitinafike n'komwe pa Chatoloma pamene kuseka kunayamba kumbuyo. Kuseka kwa anthu ambiri, kochita kugunda m'mbali mwa lole. Ndinkatchera khutu koma injini inkandilanda mawu, ndinkangotola zidutswa: ngamila, madzi amchere osamiza munthu, tomato womera m'mapaipi. Che Amidu nawo ankangosuzumira pa kagalasi kam'mbali, nkhope yodandaula, ngati munthu amene anaitanidwa ku ukwati n'kumukhazika kukhitchini. Ndinayesa kuwauza za ulendo wa ana a Israyeli m'chipululu. Anati eya, eya, kenako anatsitsa galasi kuti amve bwino zakumbuyo.

Pa Kasungu Boma tinaima pamzere wa dizilo. Unali mzere wautali, wopindikira kuseri kwa masitolo, ndipo dzuwa linatipeza pamenepo mpaka linafika pamutu. Anyamata a kabaza ankadutsa n'kumatiseka kuti akafika ku Lilongwe ife tisanasunthe. Pilirani anatsika n'kugulira ana onse mandasi, amayi nthochi, ndipo ine anandibweretsera chakumwa chozizira. Ndinati m'mimba simuli bwino. Anachipereka kwa bambo Matewere, ndipo ndinawaonerera akumwa mpaka dontho lomaliza, kukhosi kwanga kuli gwa.

Pamzere pomwepo ndinamva mayi wina wa mumpingo mwanga, mayi woti mwana wake ndinamudalitsa ndine, akufunsa Pilirani kuti, "Kodi mtsinje wa Yorodano ndi waukulu ngati Bua?" Mafunso otere ankabwera kwa ine. Ndinali ndi yankho lake, ndi mavesi omwe. Palibe ananditembenukira.

Titawoloka Bua, titapyola Madisi, ndinalephera kupirira. Pa Mponela, pamene Che Amidu anaima kuti akaswali, ndinalengeza kuti mwendo wachita dzanzi, ndikufuna kuutambasula kumbuyo. Ndinakwera n'kudzipanikiza pakati pa thumba la mtedza ndi njinga ya bambo Matewere. Ndinali ndi msampha wanga. Ndinkadziwa kuti anyamata aja ankawasunga m'mafamu akutali, kuchipululu, ndipo ambiri Yerusalemu ankangomuona pafoni ngati ife tomwe.

Lole itanyamuka ndinadikira kuti kuseka kuchepe, kenako ndinakweza mawu.

"Iwe Pilirani, popeza unakaona zonse, tauza anthuwa. Anatoti uli pati? Ukachoka ku Yerusalemu umalowera mbali iti? Unapezako chiyani?"

Maso onse anali kwa iye. Pilirani anakanda m'mutu, nayang'ana mkazi wanga, nayang'ana pansi.

"Imeneyo tidzakamba awiri, achimwene."

"Bwanji awiri? Mpingo ndi uwu. Dzina ndi lawo."

"Tidzakamba, achimwene."

Ndinaseka mokweza, ndekha. Ndinauza anthu kuti kukwera ndege si kudziwa malemba, ndipo ndinawafotokozera inemwini: kumpoto chakum'mawa kwa Yerusalemu, mtunda woti munthu amapita wapansi n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Kuchoka pamenepo mpaka Lumbadzi mpaka mu Lilongwe ndinali munthu wosangalala. Utsi wa mu Lilongwe, mahutala, kukwawa kwa magalimoto pa mlatho, zonse zinkandikomera. Ndinayambitsa nyimbo, anthu anavomera, ngakhale kuti mavume ake anali ofooka. Pa Dedza kunayamba kuzizira ndipo ndinabwereka Pilirani jekete langa, pamaso pa onse, kuti aone kuti ndilibe naye chifukwa.

Pa Lizulu tinaima kuti amayi agule mbatata ya kachewere ndi kabichi. Pamenepo msewu ndiwo malire, mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambique. Chaka chilichonse ndinkawoloka msewuwo n'kukaima tsidya linalo, n'kubwerera kudzauza ana kuti abusa awo afika kunja. Inali nthabwala yathu. Ulendo uno nditawoloka, kamtsikana kena kanakuwa kali pa lole, "Abusa apita kunja, koma a Pilirani anapita kunja kwenikweni!" Amayi ake anakatsina, koma anali akuseka.

Tsoka linatigwera titangopitirira pang'ono, pamtsetse. Tinamva phokoso pansi, lole inapendekera kumanzere, nkhuku zinalira, amayi anaitana Yesu. Che Amidu anaiwongolera m'mbali mwa msewu mpaka inaima. Tinatsika. Sipuling'i yakumbuyo inali itathyoka, tayala likukhula bodi. Che Amidu anagona pansi, nayang'ana, natuluka akusasa fumbi.

"Jeke sanganyamule ndi katundu yenseyu. Tsitsani zonse. Zonse, mpaka pansi."

Palibe anasuntha. Ndinadabwa, chifukwa anthu athu ntchito saiopa. Bambo Matewere anafunsa ngati sizingatheke kutsitsa theka lokha. Mayi wina anati tingoyesa kaye jekeyo. Che Amidu anakwiya, anati amene akudziwa lole kuposa mwini wake abwere aikonze. Ndiye ine, pofuna kuonetsa utsogoleri, ndinavula malaya, ndinakwera, n'kuyamba kuponya matumba.

Njinga zinatsika, mabeseni, matilesi, chimanga. Anyamata ankalandira mwaulesi ngati akulandira maliro. Nditachotsa mzere womaliza wa matumba ndinapeza mikeka yoyalidwa bwinobwino kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Phazi langa linamva kuti pansi pa mikekayo si chitsulo. Ndinakoka mkeka umodzi.

Zitseko. Zoyalidwa mosanjikiza, zolumikizana ngati matabwa a mlatho. Ndinkazidziwa chimodzichimodzi, pakuti palibe chimene sindinagogodepo popita kukapempherera wodwala. Cha bambo Matewere chokhala ndi chigamba cha lata. Cha mayi wa Yorodano uja. Ndinakoka mkeka wina, ndi wina. Pakona, chopakidwa penti yobiriwira imene ndinagula ndekha pa Nkhamenya, chinali chitseko cha nyumba yanga.

Kuchokera pa Nkhamenya mpaka pamenepo, mpingo wonse unali utakhalira zitseko zake, ukuimba nyimbo zanga.

Ndinaima pa lolepo. Pansi anthu onse anapeza choyang'ana, wina phiri, wina zikhadabo zake. Magalimoto ankadutsa, anthu ake n'kumasuzumira mkulu wosavala malaya ataima pa zitseko.

"Bambo Matewere," ndinatero, "mlamu wanu uja ndinamupeza akudya mpunga, akuseka. Kodi anadwaladi?"

"Anadwala, Abusa. Kungoti anali atayamba kupeza bwino. Tinaopa kukuuzani. Titamva ulaliki uja tinati tikanena, muthyoka mtima. Tinati mwina tikafika kumudzi, mukaona dambolo ndi maso anu..."

"Ameni uja munkavomera chiyani?"

Anayankha ndi Esinati. Anabwera pafupi ndi lole, nakonza chitenje chake, nayankhula motsitsa, koma onse anamva.

"Bambo a Mphatso, chitseko chimenecho ndazula ndine, sanandithandize munthu. Ndatopa kuchikhoma pa nyumba za eni. Mwalalikira za munda wa Yeremiya mpaka mutu wachita imvi, ife n'kumalira, n'kumakhulupirira. Lero munda wapezeka. Mukufuna tiukane chifukwa wagula ndi Pilirani?"

Ndikanakhala munthu wonena zoona nthawi zonse ndikanati inde. Akanagula mlendo, kaya bungwe, kaya boma, ndikanatsogolera nyimbo yothokoza. Koma Pilirani, amene ndinkamubereka kumsana popita kudimba, amene ndinamuphunzitsa kusoka fodya akulira kuti zala zikumata? Ndinatsika, ndinavala malaya, ndinapita kukakhala pa chulu patali ndi onse.

Che Amidu anakwera minibasi kukafuna sipuling'i ku Ntcheu. Anabwerako madzulo chimanjamanja, ati wasitolo walonjeza mawa. Tinagona m'kalasi ya sukulu ina yapafupi, aphunzitsi ake atatimvera chisoni. Kutacha Che Amidu anapitanso, ife n'kubwerera kumsewu kukalondera katundu. Kudikira kwa tsiku limenelo sindidzakuiwala. Kunali mphepo ya ku Ntcheu yolowa m'mafupa. Zitseko zinali zitatsamiritsidwa pa mtengo m'mbali mwa msewu, ndipo anthu odutsa ankaima kufunsa ngati tikugulitsa. Bambo wina wa njinga anakonda chobiriwira chija, anachigogoda, anafunsa mtengo wake kawiri. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti atenge.

Amayi anasonkha moto n'kuphika mbatata ija. Mbale yanga anabweretsa ndi Pilirani. Anaiika pansi, nakhala pa chulupo osapempha.

"Ndinapitako, achimwene."

"Kuti?"

"Ku Anatoti."

Ndinayang'ana kumbali. Koma makutu sakhala ndi zitseko, ndipo nkhani imeneyi ndinali nditaidikira zaka zonse za uchikulire wanga.

"Pafamu pathu panali dalaivala wa thirakitala, Mwarabu, kwawo kunali chakomweko. Tsiku lina lopuma ndinamuchonderera, ananditenga. Zonse zomwe munkatiphunzitsa ndi zoona. Mbali yake ndi yomweyo, ndipo ndi pafupi, Yerusalemu umachita kumuona. Mudziwo masiku ano amautchula Anata. Koma musaganize za nkhosa ndi ansembe. Ndi nyumba zosanjikiza zothithikana, magalaja, mahutala, ndi chikhoma chachitali cha simenti chodutsa pambali. Kuti ulowe, asilikali amayamba aona mapepala ako."

"Nanga mudzi wa ansembewo?"

"Ndi zimene ndinafunsa. Ananditengera kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito. Iyeyo anati anthu ofukula zakale anakumbapo m'mudzimo koma za nthawi ya aneneri sanapeze zokhutiritsa. Ananditulutsa kunja n'kundilozera kaphiri chapafupi, akuti ambiri amati mudzi wakalewo unali pamenepo. Kenako analozanso bwinja lina chauko, akuti enanso amati ayi, unali apo. Mpaka lero sagwirizana."

"Pa kaphiripo pali chiyani?"

"Miyala, achimwene. Miyala ndi minga. Akuti anthu anachokapo kalekale n'kukamanga poteropo, ndipo dzina linawatsatira."

Anatola kamwala n'kukaponya mumsewu.

"Mukanafuna ndinene zimenezi pa Mponela, anthu onse akumva, inu mutangolalikira kumene kuti Anatoti sasamuka?"

Apa ndiye pamene nsanje inandiluma kwenikweni. Pa Mponela ndinkayesa ndamugwetsa, chikhalirecho iye ankandisungira ulemu. Nyimbo zonse zija, jekete lija, ndinali ngati mwana amene akulu amulola kuwina bawo. Anakaona mudzi wanga, anakaponda kaphiri kanga, anabwera ndi munda wa mu ulaliki wanga, ndipo pamwamba pa zonsezo anali ndi mtima wabwino kuposa wanga. Chimenechi ndiye sindikanamukhululukira.

"Unapitiranji?" ndinafunsa. "Iwe za Anatoti unayamba liti kuzisamala? Sunkagona iwe?"

"Ndinkagona, koma zina zinkalowa." Anaseka pang'ono. "Achimwene, tchalitchi chija ndamanga, koma ine kulalikira sinditha. Anthuwa akufuna munda, koma akufunanso inu. Tiyeni mukakhale."

"Ndikakhale tenanti wako."

"Mukakhale abusa."

"M'tchalitchi chako, pa munda wako, ndikumwa madzi a mpope wako."

Anadzuka n'kundisiyira mbatata, ndipo ndinaidya chifukwa njala ilibe nazo ntchito zimenezi.

Sipuling'i inafika dzuwa lisanafike pamutu. Pokwezanso katundu panalibenso chobisa, zitseko zinapita pamwamba, zomangidwa ndi chingwe, dziko lonse likuona. Ndinabwerera kutsogolo. Za Ntcheu, Balaka ndi Liwonde ndilibe chonena, ndinkangoona msewu ukulowa pansi pa lole. Kumbuyo anthu anayamba kuyankhula pang'onopang'ono, ndipo pofika pa mlatho wa Shire anali akusekanso. Che Amidu anandisiya ndi maganizo anga mpaka titayamba kukwera mapiri a ku Machinga.

"Abusa, ine za mpingo wanu sindilowerera. Koma Loweruka ndikubwerera ndi mabanja atsopano, bwana anandituma. Anthu amenewo adzafuna wowapempherera. Mpando uwu ulipo."

Ndinawathokoza. Kuchokera pa Zomba, kudutsa Jali, mpaka phiri la Michesi litayamba kuoneka, ndinali ndikumanga mpingo watsopano m'mutu. Anthu osamudziwa Pilirani. Anthu oti ndikawauza za Yorodano adzandikhulupirira ine.

Tinafika kwathu kuli chisisira. Dambolo ndinaliona m'mawa mwake, ndipo ndinayesetsa kulipezera chilema. Ndinafukula dothi ndi chala, ndinalifinya, ndinalinunkhiza. Linali dothi labwino, lakuda, lonyowa m'chilimwe. Tchalitchi nacho chinali chowongoka, malata ake akuthobwa m'maso. Masiku otsatira ndinaona anthu anga akudula mizere, akukangana za malire ngati eni nthaka enieni. Bambo Matewere, munthu woti moyo wake wonse analimira ena, ndinawapeza ataima pakati pa gawo lawo, khasu lili pansi, akungoyang'ana.

Loweruka ndinalongedza chikwama. Esinati anandiyang'ana, sanandiletse, anangondiikira chimanga chokazinga m'kathumba. Ndinakaima pamsewu. Lole inabwera itadzaza nkhope zachilendo, achinyamata ndi akazi awo, maso odzaza chiyembekezo cha fodya. Che Amidu anatsegula kutsogolo. Ndinagwira chitsulo chokwerera, phazi limodzi pamwamba. Ndinayang'ana achinyamatawo n'kudzifunsa chimene ndikawauze m'chigafa muja. Kuti apirire, tsiku lina munda udzapezeka? Ndipo wina akadzafunsa kuti anthu amene munkawauza zimenezi kale ali kuti, ndidzati chiyani? Ndinatsitsa phazi. Che Amidu sanafunse, anangotseka n'kuliza hutala.

M'mawa mwake tchalitchi chinadzaza, ndi anthu a m'midzi yoyandikana omwe. Pilirani anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo. Ndinaima pa guwa lenileni koyamba m'moyo wanga, la matabwa osalala, ndipo mawu anga anamveka bwino pansi pa malata. Alendo sankadziwa chiyambi cha dzina la mpingo, choncho ndinayamba kufotokoza. Ndinanena za ansembe opanda dziko, ameni anamveka. Ndinanena za munda wa mneneri, ameni anakula. Mtima unayamba kubwerera m'malo. Ndinakweza dzanja.

"Mudzi umenewu, abale, unali pafupi ndi Yerusalemu, pa kaphiri, kumpoto chakum'mawa!"

Ameni sanabwere. Ndinamva mabenchi akulira. Mitu yonse, ya bambo Matewere, ya amayi, ya ana, ya mkazi wanga yemwe, inali itatembenukira kumbuyo, kudikira. Pilirani anawerama, akufuna kubisala kuseri kwa munthu wa patsogolo pake, koma anthu sanamuleke. Dzanja langa linali likadali m'mwamba. Ndinazindikira kuti inenso ndikumuyang'ana, ndipo sinditha kupitiriza.

Pilirani anagwedeza mutu pang'ono, kuvomera.

"Ameni!" unatero mpingo wonse.

Ndinatsitsa dzanja, ndinapeza pamene ndinalekezera, n'kupitiriza kulalikira.